Chitseko cha mamilimita 36: pulani ya mainchi mu pulogalamu ya mamita

Bambo wina wanditumizira imelo iyi: "Ndalandira pulani ya nyumba yojambulidwa ku America, pansi pake palembedwa 1/4" = 1'-0". Nditaitsegula mu pulogalamu yanga yomwe ndinaiika pa mamilimita, chitseko chatuluka mamilimita 36 basi. Pulani yomweyo ili papepala ndaiyeza ndi rula ya 1:50, makoma akupitirira muyeso. Kodi ndalakwa pati?"

Zikomo bambo. Mavuto anu ndi awiri, ndipo sachokera kumodzi.

Loyamba ndi la chitsekocho. Mafayilo a DWG ndi DXF, omwe mapulani a pa kompyuta amasungidwamo, amasunga manambala, koma nthawi zambiri pulogalamu yowatsegula siidziwa kuti manambalawo ndi a muyeso uti. Wojambula uja analemba 36 akutanthauza mainchi 36, omwe ndi mafiti atatu. Pulogalamu yanu yaona 36 n'kungoti ndi mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4 ndendende, monga mayiko anagwirizanirana m'chaka cha 1959, choncho sankhani chojambula chonse muchikulitse ka 25.4. Chitseko chija chibwera pa mamilimita 914. Musachikakamize kuti chikhale 900 pofuna nambala yooneka bwino, chifukwa zipupa zonse zingachepe nacho limodzi.

Lachiwiri ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri, popeza silionekera msanga. Zolemba zija za 1/4" = 1'-0" zikuti kota ya inchi papepala ikuimira futi imodzi, ndiye kuti mainchi 12, pa nyumba yeniyeni. Makota anayi ndiwo inchi yathunthu, motero inchi imodzi papepala ndi mainchi 48. Sikelo imeneyo ndi 1:48. Ndi m'bale wake wa 1:50, koma si mapasa. Tengani khoma la mamita 10. Pa 1:48 limatenga mamilimita 208 papepala. Mukaikapo rula ya 1:50 muwerenga mamita 10.4, kuonjezera masentimita oposa 40 omwe kulibe. Ndi maso simungaone kusiyanako, koma mmisiri adzakuona tsiku lokhoma denga, matabwa atadulidwa kale. Chimodzimodzinso 1/8" = 1'-0" ndi 1:96, osati 1:100.

Chomwe ndimafuna aliyense achigwire ndi ichi: mu kompyuta nyumba timaijambula pa kukula kwake kwenikweni. Khoma la mamita 4 mumalemba mamita 4. Sikelo ndi nkhani ya pepala, imabwera pomaliza, nthawi yosindikiza. Mukasintha muyeso mu pulogalamu yojambulira nyumba monga SketchUp, pa Model Info kenako Units, kapena m'makonzedwe a Sweet Home 3D, nyumba siikula kapena kuchepa. Changosintha ndi manambala amene mukuona.

Pa kusindikiza pali msampha wina. Pepala la Letter la ku America ndi mainchi 8.5 kwa 11, pomwe A4 ndi mamilimita 210 kwa 297. Pulinta ikaona kuti pulani siikukwana, imaifinya yokha ngati "Fit to page" yasankhidwa, ndipo sikelo imathera pompo. Sankhani 100% kapena "Actual size". Ngati siikwana, tengani pepala lalikulu.

Chenjeraninso ndi maina a matabwa pa mapulani otere. Thabwa lotchedwa 2x4 silikwana mainchi awiri kwa anayi; likapalidwa limatsala 1.5 kwa 3.5, pafupifupi mamilimita 38 kwa 89.

Ine ndikalandira pulani yachilendo, ndisanakhudze chilichonse, ndimafunafuna khoma lalitali kwambiri lomwe lili ndi muyeso wolembedwa. Tinene kuti palembedwa 20'-0", kutanthauza mafiti 20. Ndimachulukitsa 20 ndi 304.8, omwe ndi mamilimita a mu futi imodzi, ndimapeza mamilimita 6,096, kenako ndimayeza khomalo mu pulogalamu. Zikafanana, ndimayezanso lina lopingasa, chifukwa pulani yochita kujambulidwa ndi foni imatha kutambasuka mbali imodzi yokha. Yesani zimenezi pa pulani yanuyo, bambo, ndipo mundilembere nambala yomwe yatuluka.