Kwa achemwali amene apeza ntchito kufupi ndi Cirencester

Achemwali, mwafunsa kuti ku Cotswold, kumene mwapeza ntchito yosamalira okalamba, ndi kotani, anthu ake amapeza bwanji ndalama, komanso ngati n'koyenera kusiya Birmingham n'kusamukirako. Ndakhalako ku Gloucestershire, chigawo cha England chimene muli Cotswold, ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona.

Boma la Cotswold ndi dera la timapiri, minda ya tirigu ndi balere, mabusa a nkhosa ndi timidzi ta nyumba zamiyala yachikasu. Boma lonse lili ndi anthu ongopitirira 90,000, ndipo likulu lake ndi Cirencester yomweyo. Koma musaganize kuti poti ndi kumudzi ndiye kuti moyo ndi wotchipa. Kumeneko n'kumene anthu olemera a ku London amagula nyumba yachiwiri, ndipo Mfumu Charles ili ndi nyumba yake ya Highgrove pafupi ndi Tetbury.

Kuti mumvetse dera limeneli, yambani ndi nkhosa. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 ubweya wa kumeneko unkagulitsidwa mpaka ku Flanders (dera lomwe mbali yake yaikulu lero ili ku Belgium) ndi ku Italy, ndipo amalonda a ubweya analemera kotheratu. Chuma chawo chambiri anachithira m'matchalitchi. Mukadzapeza tsiku lopuma, dzaloweni m'tchalitchi cha ku Northleach n'kuyang'ana pansi. Pamanda a amalondawo pali zithunzi zawo zozokotedwa pa mkuwa, mapazi atapondetsa pa nkhosa kapena pa mtolo wa ubweya, kuti wodutsa aliyense adziwe kumene ndalama zinachokera. Ku Fairford, tchalitchi chomwe anamangitsa wamalonda a ubweya John Tame chidakali ndi mawindo ake 28 agalasi lojambulidwa, omwe anaikidwa cha m'ma 1500. Timanyumba ta Arlington Row ku Bibury, timene alendo amakanganirana kujambula, tinayamba cha m'ma 1380 ngati nkhokwe ya ubweya, kenako m'ma 1600 tinasandutsidwa nyumba za anthu owomba nsalu. Cirencester yokha ndi yakale kuposa zonsezi: Aroma ankaitchula Corinium, ndipo inali imodzi mwa mizinda yawo ikuluikulu pachilumba cha Britain.

Chimene chimandikhudza ine ndi zomwe zinatsatira. Mafakitale a nsalu atakula kumpoto kwa England kumene kunali malasha, dera lino linatsalira. Anthu analibe ndalama zogwetsera nyumba zakale kuti amange zatsopano, ndiye midzi inangokhala momwemo. Umphawi wa nthawi imeneyo ndi umene unasunga kukongola kumene lero kukukopa alendo. Mu 1966 boma la Britain linaika dera la mapiri a Cotswolds pansi pa chitetezo cha lamulo, ndipo nyumba zakale zambiri mwini wake sangasinthe ngakhale zenera popanda chilolezo. Makoma a m'malire a minda ndi a miyala yongosanja popanda simenti kapena dothi, ndipo mpaka pano kuli amisiri amene ntchito yawo ndi kuwakonza akagumuka. Ndimawapatsa ulemu anthuwa pa kasungidwe ka zinthu za makolo awo.

Koma chitetezo chomwecho chili ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira ndi anthu ngati inu ndi ine. Nyumba zatsopano zimamangidwa zochepa, zina zakale zinasanduka zogona alendo a Airbnb, ndiye lendi ndi yokwera pomwe malipiro a ntchito zambiri ndi otsika. Ubweya womwe unamanga matchalitchi aja lero alimi amadandaula kuti nthawi zambiri subweza n'komwe ndalama yometera nkhosa. Chimene chimabweretsa ndalama tsopano ndi alendo: mahotela, malo odyera, masitolo a zinthu zakale ku Stow-on-the-Wold ndi Tetbury, ndi mabasi odzaza omwe amatsitsa anthu ku Bourton-on-the-Water m'mphepete mwa mtsinje wa Windrush. Kuli kampani yaikulu ya zachuma ya St. James's Place ku Cirencester, yunivesite ya zaulimi ya Royal Agricultural University yomwe inayamba mu 1845, ndi sukulu ya ozimitsa moto ku Moreton-in-Marsh. Ndiyeno kuli okalamba ambiri, ena obadwira komweko, ena obwera atapuma pantchito, n'chifukwa chake ntchito ngati yanuyo sizisowa. Ambiri ogwira ntchito zimenezi amagona ku Swindon kapena ku Gloucester n'kumayendera.

Vuto lenileni ndi mayendedwe. Sitesheni ya sitima ya ku Cirencester inatsekedwa mu 1964, ndipo yapafupi ili ku Kemble. M'midzi ina basi imadutsa kangapo kokha patsiku, Lamlungu n'kusaoneka. Ngati ntchito yanu ndi yoyendera okalamba m'makomo mwawo, popanda galimoto simungaithe. Laisensi ya kwathu imagwira miyezi 12 yokha kuchokera pamene munakhazikika m'dziko muno, kenako mpofunika kukhoza mayeso a kuno. Misewu ya m'midzi ndi yopapatiza, ilibe magetsi, ndipo mu December ikamakwana 4 koloko masana kumakhala kutayamba kuda.

Za anthu, ambiri ndi aulemu ndipo mukakumana m'tinjira ta m'minda amapereka moni, chinthu chosowa mumzinda. Komabe anthu akuda ndi ochepa kwambiri, ufa wa nsima mudzaufuna ku Swindon kapena ku Gloucester, ndipo miyezi yoyamba mudzasungulumwa. Ine ndikanakhala inu ndikanapita, koma musanasaine kalata ya ntchito afunseni abwanawo ngati amathandiza kupeza malo ogona, ngati amabweza ndalama ya mafuta, komanso ngati nthawi yoyenda kuchoka kwa gogo wina kupita kwa wina imalipidwa.