Kwa amayi amene akusunga alongo awo a autism: yambani mwafufuza pamene pakuwawa

Amayi, mwafunsa za alongo anu a zaka 27 amene ali ndi autism. Mwati munawatenga kumudzi mayi anu atamwalira, muli nawo kuno ku Chipata, ndipo tsopano akudziluma dzanja, kugunditsa mutu kukhoma, usiku sagona, kawiri konse anasowa pakhomo, moti achibale akuti muziwatsekera m'chipinda. Pepani ndi maliro. Mwachita bwino kufunsa musanagule loko.

Chonde musawatsekere, musawamange. Munthu wotsekeredwa mantha amamuchulukira, ndipo kudzivulazako kumanyanya. Autism si misala, si ufiti. Ubongo wa munthuyo umakula mosiyana kuyambira ali mwana, ndipo palibe mankhwala, a kuchipatala kapena a sing'anga, amene amaichotsa. Mukuonazo ndi munthu amene chinachake chikumusautsa koma akulephera kuchinena. Zaka zonsezi anazolowera nyumba imodzi ndi dzanja limodzi lowapakulira nsima, lero zonse zachoka pakamodzi. Nawonso akulira maliro.

Komabe musafulumire kunena kuti ndi chisoni chokha. Munthu wosalankhula bwino akasintha khalidwe mwadzidzidzi, choyamba kukayikira ndi ululu. Tengani tochi muyang'ane m'kamwa: dzino lobooka, nkhama zotupa, kapena kutafunira mbali imodzi. Wodzimenya patsaya kapena pakhutu, kawirikawiri vuto limakhala pomwe akumenyapo. Onani ngati m'khutu mukutuluka mafinya, ngati thupi latentha, ngati akuvutika pokodza. Chimene ambiri amachiphonya ndi kudzimbidwa. Anthu a autism ambiri amasankha zakudya, ena nsima ndi kapenta basi, madzi osamwa, ndiye m'mimba mumauma. Akatha masiku atatu osapita kuchimbudzi, mimba ili gwa, musadabwe ndi ukali. Apatseni madzi pafupifupi malita awiri patsiku, pang'onopang'ono, m'kapu imene amaikonda, komanso papaya, mango ndi ndiwo zamasamba monga chibwabwa kapena delele. Chakudya chachilendo muziika pang'ono m'kambale kapadera. Mukabisa m'ndiwo zimene amadya, akazindikira amasiya zonse.

Ku kiliniki pitani awiri, wina aime pamzere, wina adikire nawo panja pamthunzi, chifukwa phokoso la pamzere ndi limene limawasokoneza asanaonane n'komwe ndi adokotala. Mukalowa nenani kuti, "Khalidwe lasintha kuyambira mwezi wakuti, apimeni mano, makutu, mimba ndi malungo." Pakafunika, adzakulemberani kalata yopita nayo ku Chipata Central Hospital.

Dziwaninso kuti khunyu limapezeka kwambiri mwa anthu a autism, ndipo limatha kuyamba atakula kale. Sikuti nthawi zonse munthu amagwa: ena amangoti duu kuyang'ana malo amodzi, ena amadzuka atakodza pogona kapena atadziluma lilime. Akagwa, agonekeni chammbali, musaike supuni m'kamwa, ndipo kugwedezekako kukapitirira mphindi 5 thamangani nawo kuchipatala. Mbaula ndi chitsime zisakhale poti angagweremo.

Tsopano gulani kope. Kwa masabata awiri, nthawi iliyonse akavuta lembani zinthu zinayi: nthawi yake, chimene chinachitika asanayambe, chimene anachita, ndi chimene chinawakhazika mtima pansi. Kope limeneli limaulula zambiri kuposa kuganizira chabe. Mudzapeza kuti mwina zimachitika chigayo chikalira, wailesi ikakwezedwa, alendo akakhala pampando wawo, magetsi akazima mwadzidzidzi, kapena nsima ikachedwa. Makutu awo amamva phokoso mopweteka kuposa athu. Mukadziwa choyambitsa mumachitchingira: nyale ya sola iziyatsidwa kusanade, mpando wawo ukhale wawo, ndipo zotseka m'makutu zimathandiza ambiri.

Akayamba kale, kulankhula kwambiri kumangowonjezera moto. Tulutsani ana ndi oonerera, zimitsani wailesi, alankhule munthu mmodzi, mawu awiri kapena atatu, motsitsa. Ikani pilo pakati pa mutu ndi khoma, apatseni kansalu kopindapinda koti alume m'malo mwa dzanja. Musawagwetse n'kuwakhalira pamsana kapena pachifuwa, anthu amafa nako chifukwa mpweya umatsekeka. Akatonthola apatseni madzi, apume, milandu ayi. Kugwedeza thupi kapena kukupiza manja kusiyeni, ndi mmene amadzitonthozera.

Tsiku lizikhala ndi ndondomeko yosasinthasintha. Jambulani pafoni zinthu zawo zenizeni, beseni, mbale, tsache, mphasa, musindikize zithunzizo n'kuzimata pakhoma motsatana. Chikatha chimodzi, achotse okha chithunzicho. Kukakhala ulendo auzeni dzulo lake, mubwereze m'mawa. Ndipo apatseni ntchito, ndi munthu wamkulu ameneyu: kusenda nsawawa, kukonola chimanga, kuthirira m'dimba, kudyetsa nkhuku. Phunzitsani mbali imodzi mpaka aigwire, kenako yotsatira. Funsani kumudzi zimene mayi anu ankachita, nyimbo imene ankawaimbira, bulangete limene ankafunda, ndipo ngati lilipo akalitenge. Thupi likagwira ntchito masana tulo timabwera. Tiyi ndi zakumwa za kola zithere 3 koloko masana.

Za kusowa pakhomo, mwina akufunafuna njira ya kumudzi. Yendani nawo tsiku lililonse njira imodzimodzi, yotalikira msewu waukulu wa Great East Road. Sokererani kansalu ka dzina ndi nambala ya foni m'malaya awo onse, mangani belu pageti, ndipo oyandikana nawo, a pakantemba ndi anyamata a njinga a pafupi awadziwe nkhope.

Mankhwala ngati risperidone kapena haloperidol adokotala amapereka pamene kudzivulaza kwafika poipa, koma sachiza autism. Risperidone amanenepetsa ndipo amatha kukweza shuga, choncho muziwayeza sikelo mwezi ndi mwezi. Haloperidol amatha kuumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja ndi kutulutsa dovu, mukaona zimenezi bwererani msanga. Musagule nokha mapiritsi ogonetsa, ndipo a khunyu musawasiyitse mwadzidzidzi.

Mapepala musawazengereze. Akhale ndi NRC (chitupa cha unzika), alembetsedwe ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olumala pansi pa lamulo la 2012, kuti alandire khadi. Ku ofesi ya Social Welfare kapena kwa a CWAC, komiti ya m'dera lanu yoona za anthu ovutika, funsani za Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika. Amayamba aunika banjalo, ndipo lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira zochulukirapo kuposa mabanja ena. Amuna nawonso amachitidwa nkhanza zogonana: mukaona mabala kumalo obisika kapena akuopa munthu wina mwadzidzidzi, pitani kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza kuti asatenge HIV, ndiponso kupolisi ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitidwa nkhanza.

Achibale amene akunena za lokowo aitaneni, muwagawire masiku. Sankhani awiri, azibwera choyamba inu mulipo mpaka alongo anu awazolowere, kenako muziwasiyira ola limodzi, mpaka tsiku lathunthu. Kope lija lizikhala poti onse angaliwerenge, ndipo patsamba loyamba mulembe mankhwala ndi nthawi yake, zimene amadya, zimene amaopa, ndi mmene amasonyezera kuti pena pake pakuwawa.