Mawu oyenera m'filimu yoseketsa ya nkhani ya maliro

Funso: Ndife achinyamata a ku Kapata muno mu Chipata, tikujambula filimu ndi ndalama za m'thumba mwathu. Ndi nkhani ya mayi woferedwa mwana, koma muli zoseketsa zambiri. Kodi pachikwangwani tilembe kuti "filimu yoseka maliro"?

Yankho: Musatero ayi. Mneni -seka akagundana ndi dzina popanda kanthu pakati, tanthauzo lake ndi kutonza. "Akuseka namfedwa" ndiye kuti akumunyoza pa tsoka lake. Mukati "akuseka ndi namfedwa" mwamulowetsa m'gulu la osekawo, ndipo "akuseka pamaliro" zikungotchula malo. Samalaninso ndi -sekerera, chifukwa "kusekerera zoipa" ndi kuzilekerera. Inu lembani "filimu yoseketsa koma yogwira mtima".

Ntchito yaikulu ili m'zokambirana za osewera anu. Kwathu kuno phwete pamaliro si lachilendo, koma lili ndi eni ake. Adzukulu amasereulana kumanda uku akukumba. Palinso chimbuya: Mbemba akabwera pamaliro a wakuno kum'mawa amatha kupaka anthu ufa, kuwalipiritsa ndalama ndi kunyogodola malemu, popanda wokwiya. Choncho musanalembe nthabwala iliyonse, dzifunseni kuti ikutuluka pakamwa pa yani. Mbuya angaloze bokosi n'kunena kuti, "Iwe, wathawa ngongole yanga, dzuka ulipire!" Anthu aseka misozi ili m'masaya. Mawu omwewo mukawapatsa mkamwini kapena mtengwa, oonera atembenukira kumbali ndi manyazi, pakuti awa amati "Atisiya bambo" kapena "Kwagwa zovuta", ndipo malemu amawatchula ndi a- waulemu. Kungosintha "amwalira" kukhala "wafa" kwauza kale woonera ubale wa wolankhulayo ndi malemu.

Onani mmene Rungano Nyoni, wopanga mafilimu wobadwira muno mu Zambia, anachitira mu On Becoming a Guinea Fowl, filimu ya 2024 imene inamupezetsa mphoto ya wotsogolera bwino filimu m'gawo la Un Certain Regard pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France. Mbali yaikulu ya filimuyi ikuchitikira pamaliro a malume amene ankagwiririra atsikana a m'banja, ndipo zoseketsa zake zimagwera achibale obisa mlanduwo. Ogwiriridwawo sasekedwa. Kusiyana kwa "kuseka munthu" ndi "kuseka ndi munthu" n'komweku.

Funso: Ndili ku Katete, ndikulemba sewero lofanana ndi limeneli. Pamapeto ndinene kuti namfedwa "wachira"?

Yankho: Kuchira n'kwa matenda, monga malungo. Mukati namfedwa wachira, womva afunsa kuti amadwala chiyani. "Watonthola" ndi mawu abwino, koma amangonena kuti wasiya kulira nthawi imeneyo; mawa angathe kuyambiranso. Pa kusintha kotenga miyezi nenani kuti "mtima wayamba kukhala pansi" kapena "wayambanso kucheza ndi anthu". Ngati ndi munthu amene anaona zoopsa, ngozi kapena nkhanza, anthu amati "zidamukhalira mumtima", ndipo akapezako bwino amati "bala lapola koma chipsera chilipo".

Mawu amene ndikukupemphani kuwapewa ndi "waiwala". Mayi woferedwa saiwala mwana, ndipo kumunenera choncho n'kumuneneza kuti analibe chikondi. Ngati mukufuna kusonyeza kuti nthawi yolira yatha monga mwa mwambo, m'modzi wa azakhali anene kuti "tameta maliro". Mchewa aliyense woonera amva kuti banjalo lamasulidwa kubwerera ku ntchito zake.