Kwa achemwali a ku Lizulu: musanamwe mizu yotsegula mwezi, yezetsani kaye

Achemwali, mwalemba kuti patha masabata atatu kuchokera tsiku lomwe mumayembekezera kusamba, ndipo azakhali anu akufuna akuwiritsireni mizu yoti itsegule mwezi. Mukufunsa kuti chitsamba chogwira msanga ndi chiti. Musamwe chilichonse, kaya ndi mizu, makungwa kapena masamba, musanadziwe ngati muli ndi pakati kapena ayi. Azakhaliwo akukufunirani zabwino, koma palibe amene angaone ndi maso zomwe zili m'chiberekero cha mnzake.

Msambo umabwera pakatha masiku pafupifupi 14 dzira litatuluka. Dziralo likapanda kukumana ndi umuna, mahomoni omwe amasunga chiyangoyango cha mkati mwa chiberekero amatsika, ndipo chiyangoyangocho chimasupuka n'kutuluka ngati magazi. Zitsamba zomwe zimatchuka kuti zimabweretsa msambo sizitha kuyendetsa dongosolo limeneli. Zambiri zimangofinya chiberekero kapena kutsegula m'mimba mwamphamvu. Ngati mulibe pakati, mwangozunza thupi pachabe. Ngati muli ndi pakati, magazi omwe angatuluke si msambo ayi, ndi mimba yomwe yasokonezeka, ndipo apa m'pamene amayi ambiri amafika kuchipatala mochedwa chifukwa ankaganiza kuti mwezi watseguka.

Mwanamphepo ndiye wodziwika kwambiri kwathu kuno, ndipo anamwino a ku matenite amamudziwa bwino. Amachititsa chiberekero kufinyika motsatizana mosapuma. Kwa mayi wa mimba yaikulu, mwana amabanika ndipo chiberekero chimatha kuphulika. Kwa wa mimba yaing'ono, imatha kutuluka mbali imodzi n'kusiya zotsalira mkati. Zotsalirazo zimaletsa chiberekero kutseka mitsempha, ndiye magazi salekeza, ndipo pakapita masiku zimaola n'kuyambitsa mafinya. Utomoni wachikasu wa alovera umatsegula m'mimba mpaka madzi ndi mchere kuchepa m'thupi. Nimu wochuluka, makamaka mafuta ake, amavulaza chiwindi. Njere za nsatsi zili ndi poizoni woti njere zochepa chabe zotafunidwa zitha kupha munthu wamkulu. Ndipo choopsa kuposa zonsezi ndi chilichonse cholowetsa kumaliseche, kaya ndi muzu, kamtengo kapena masamba osinja: chimalowetsa tizilombo m'chiberekero, chimatha kuchiboola, ndipo kafumbata amalowera pomwepo.

Wina anganene kuti vuto ndi kumwa wambiri, ndiye mungomwako pang'ono. Mankhwala a mumphika alibe mlingo. Muzu wokumbidwa m'chilimwe ndi wokumbidwa m'dzinja sizifanana mphamvu, muzu wa mtengo wokhwima ndi wa mphukira n'chimodzimodzi, ndipo madzi akaphwera pamoto mankhwala amakhala okandapala kwambiri. Kapu yomwe mnzanu anamwa n'kungomva kupotokola pang'ono ikhoza kukuwonongerani impso inuyo. Komanso mimba yambiri siituluka ndi zitsambazi. Imapitirira, mayi n'kutsala ndi nkhawa miyezi yonse yoti kaya mwana wamuchita chiyani.

Choyenera kuchita n'chosavuta. Gulani kachipangizo koyezera mimba ndi mkodzo ku famase, kapena pitani kuchipatala chapafupi akakuyezeni. Poti mwadumpha ndi masabata atatu, zotsatira zake zikhala zodalirika. Gwiritsani ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa, muutungire m'kapu youma bwino. Viikani kachipangizoko osapitirira mzere wolembedwapo, kwa masekondi omwe asonyeza papaketi, kenako kagonekeni pamalo ouma. Werengani pakatha mphindi zomwe alembazo, kawirikawiri zitatu mpaka zisanu. Mizere iwiri ndiye kuti muli ndi pakati, ngakhale wachiwiriwo ukhale wosaoneka bwino. Mzere umodzi wokha, wa pomwe palembedwa chilembo C, ndiye kuti mulibe. Pa C pakapanda mzere, kachipangizoko n'kowonongeka, yesani kena. Musakatolenso pakatha ola n'kumawerenga, chifukwa mkodzo ukauma pamatha kuoneka kamzere konama. Onaninso deti lothera ntchito musanagule. Kakasonyeza kuti mulibe koma msambo osabwerabe, bwerezani pakatha sabata imodzi.

Ngati mulibe pakati, funso loyamba ndi la kulera. Simunanene ngati mukubayitsa jakisoni wa miyezi itatu uja, Depo, kapena muli ndi ka pamkono, Implanon kapena Jadelle. Njira zimenezi zimaimitsa msambo kwa amayi ambiri ndipo si matenda. Mphekesera yoti magazi amaundana m'mimba ndi yabodza: mankhwala olera amachititsa kuti chiyangoyango chija chisakule, ndiye palibe choti chituluke, palibenso choti mutsuke. Wosiya Depo amatha kudikira miyezi ingapo, ena mpaka chaka, msambo usanabwerere m'malo mwake. Kuyamwitsa, nkhawa, maliro, kuonda mwadzidzidzi, ntchito yolemetsa ya kumunda ndi kudimba uku chakudya chili chochepa, ndi matenda okhalitsa ngati TB zimachedwetsanso msambo. Kwa amayi a zaka zopitirira 45, kudumphadumpha kumakhala chiyambi cha kusiya kusamba. Msambo wobwera pakati pa masiku 21 ndi 35 uli bwinobwino. Mukatha miyezi itatu osasamba, mulibe pakati, simukulera ndiponso simukuyamwitsa, kaonaneni ndi a dokotala, makamaka ngati mawere akutuluka mkaka, mukumera tsitsi pachibwano kapena khosi latupa. Amenewo ndi mavuto a mahomoni omwe amafuna kuyeza magazi.

Ngati muli ndi pakati, yambani sikelo miyezi itatu yoyamba isanathe, musadikire kuti mimba ioneke. Kumeneko akakupatsani mapiritsi oonjezera magazi ndi neti ya udzudzu, akakuyezaninso HIV ndi chindoko. Ngati mimbayo simunaikonzekere ndipo mtima wasweka, mukauze namwino mosabisa muli awiri. Musathetse nkhaniyo nokha usiku ndi mphika wa mizu.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna musachiiwale. Nthawi zina mimba imakhala m'chubu chodutsamo dzira m'malo mwa m'chiberekero. Mayi amadumpha mwezi, amaona timagazi takuda tochepa, ndipo mbali imodzi ya chinena imapweteka. Palibe chitsamba chomwe chingafike m'chubumo. Chubu chikaphulika magazi amatayikira mkati mosaoneka, ndipo munthu amamva chizungulire, kupweteka paphewa, thukuta lozizira, kenako kukomoka. Womwa mizu amaganiza kuti ululuwo ndi mankhwala akugwira ntchito, n'kumapirira. Izi zimafuna opaleshoni tsiku lomwelo, kuchipatala chachikulu cha pa boma ku Ntcheu kapena ku Dedza.

Ngati mwamwa kale, lekerani pomwepo ndipo yezetsanibe. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mukaona magazi onyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, magazi a mibulu ikuluikulu, kutentha thupi ndi kunjenjemera, chikazi chonunkha, kusanza kosalekeza, maso achikasu kapena mkodzo wochepa kwambiri. Tengani zotsala za mizuyo kapena botolo lake, ndipo mukanene zomwe munamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi yake, chifukwa chithandizo chimatengera zimenezo. Chithandizo cha mayi amene wapita padera kapena ali ndi zotsalira m'chiberekero chilipo m'zipatala za boma ndipo n'chaulere. Musapite nokha, pezani wokuperekezani yemwe angathe kupereka magazi akafunika.

Mukafuna kufunsa kaye musananyamuke, imbani foni ku Chipatala cha pa Foni. Nambala yake ndi yaulere ndipo amayankha m'Chichewa. Azakhali auzeni mwaulemu kuti mukufuna mukayezetse kaye, ndipo ngati n'kotheka mupite nawo limodzi akamve okha zomwe anamwino akanene.