Mnzanuyo asakwere kaye ndege, ndipo pasipoti asapatse dobadoba

Achemwali, mwati mnzanu wa ku Germany, mtolankhani, wapeza ntchito pa wailesi ina kuno ku Lilongwe, ndiye mukufunsa za chilolezo chogwirira ntchito, nyumba ya lendi komanso sukulu ya mwana wake. Za nyumba ndi sukulu akuyankheni ena. Ine ndinena za mapepala, chifukwa kwa zaka zingapo ndakhala ndikuyenda ndi atolankhani akunja, kuwamasulira komanso kuwaperekeza m'maofesi.

Ena amene akukuyankhani kuti angobwera ngati mlendo, zina zonse adzakonzera konkuno, sanakumanepo nazo. Chidindo chimene munthu amalandira pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ndi cha mlendo. Nthawi zambiri chimakhala cha masiku 30, ndipo ukawonjezera supitirira masiku 90. Chidindocho sichilola munthu kugwira ntchito. Wolembedwa ntchito amafunika Temporary Employment Permit, imene aliyense amangoti TEP, ndipo imakhala ya zaka ziwiri. Wopempha ku Immigration ndi abwana a wailesiyo, osati mnzanuyo, ndipo wolembedwa ntchitoyo amayenera kudikira ali kwawo mpaka pempho litavomerezedwa. Abwanawo asonyezenso kuti ntchitoyo anailengeza kuno ndipo sanapeze Mmalawi woyenera, choncho nyuzipepala imene munatuluka chilengezocho aisunge bwino. Ngati akuzengereza pa zimenezi n'kumangoti bwerani tidzaona, mnzanuyo achenjere nawo.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa cha mayi wina amene ndinkamuthandiza. Anabwera ngati mlendo, abwana ake atamulonjeza kuti zonse ziyenda. Masiku atayamba kutha, wina anamulozera dobadoba, bambo wovala jekete yabwino, woyankhula mwaulemu, amene ankati sabata ziwiri zokha TEP ituluka. Anatenga ndalama, pafupifupi madola 600, anatenganso pasipoti. Risiti sanapereke. Sabata yoyamba ankayankha foni, yachiwiri ankati ali ku Blantyre akutsatira failo, yachitatu foni inazima. Tinamusaka mu Old Town monse, tsiku ndi tsiku, mayiyo osagona tulo. Pasipoti tinaipeza kudzera mwa m'bale wake wa bamboyo, koma ndalama zinapita, ndipo pempho silinaperekedwe n'komwe. Masiku a mayiyo anali atatsala awiri. Analongedza, nkhani imene ankalemba ya alimi a fodya anaisiya pakati, n'kubwerera kwawo kukayambanso zonse poyambirira. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa anali munthu wokonda dziko lino.

Ndiye chonde, pasipoti isachoke m'manja mwake pokhapokha ali pa kauntala, pamaso pa ofisala wovala yunifomu. Ndalama iliyonse ilipiridwe pamalo ovomerezeka, ndipo risiti ya boma aijambule pafoni asanatuluke pakhomo.

Mapepala ofunika ayambe kusonkhanitsa lero: kontirakiti yosainidwa, CV, makope a masatifiketi otsimikizidwa ndi loya, zithunzi za pasipoti, ndi kalata ya apolisi akwawo yosonyeza kuti alibe mlandu. Kalata ya apolisiyi ndi imene ambiri amaiwala. Popeza zake zikhala m'Chijeremani, azimasulire m'Chingerezi kwa womasulira wovomerezeka asanazitumize. Za mtengo, womaliza amene ndinamuthandiza abwana ake analipira cha m'ma madola 1,000, koma mitengo imasintha, ndiye afunse ku ofesi komweko. Asawerengere sabata ziwiri zitatu ayi, akonzekere miyezi.

Pali chinanso chimene mayankho enawa sanatchule. TEP ndi ya Immigration, koma utolankhani uli ndi khomo lake. Mtolankhani wakunja amafunika chilolezo cha ku Unduna wa Zofalitsa Nkhani, chimene anzathu amangoti accreditation. Ngakhale wobwera sabata imodzi kudzajambula nkhani imodzi amayenera kukhala nacho. Apite ndi kalata yochokera kwa mkonzi wake yofotokoza ntchito imene adzagwire. Pepala limeneli ndi limene limakuwombola wapolisi akakuimitsa kamera ili m'manja. Akafika adzadutsenso ku MISA Malawi, bungwe la atolankhani, akadziwane ndi anzake. Iwo sapereka chilolezo, koma zikavuta amadziwa khomo loyenera kugogoda.

Ngakhale mapepala onse ali m'thumba, malo ena ali ndi malamulo awo. Ku Dzaleka ku Dowa sungangolowa n'kuyamba kujambula othawa kwawo popanda chilolezo cha oyang'anira msasawo. Pafupi ndi Kamuzu Barracks kapena nyumba ya boma, kamera ikhale m'chikwama. Kumudzi ayambe waonekera kwa a DC, kenako kwa mfumu. Alendo ena amaona ngati n'kutaya nthawi, koma ukalumpha mfumu anthu amangokuyang'ana, palibe amene akuuze zoona.

Ngati akubwera ndi makamera akuluakulu, alembe mndandanda wa zida zonse ndi manambala ake, adzaonetse kwa a MRA, otolera misonkho, pofika kuti zidziwike kuti ndi zogwirira ntchito, si zogulitsa. Drone, kandege kojambulira kaja, asaiponye m'sutikesi chabe, imafuna chilolezo cha oona za maulendo a ndege.

Mufunseni kaye ngati abwana ake apereka kale pempho la TEP, ndipo ngati ayankha kuti inde, abwanawo amutumizire chithunzi cha risiti. Matikiti ayambe kuyang'ana pempholo likavomerezedwa.