Phiri la Mulanje ndi ana a ku sekondale: ndimvereni kaye ine

Asisi, mwafunsa za kukwera phiri la Mulanje ndi ana anu a ku sekondale. Ndalama musatumize pa foni kwa munthu amene simunamuone ndi maso pa Likhubula, pamene anthu amayambira kukwera phirili. Ndikuona ena ayamba kale kukupatsani manambala a magayidi "odalirika", ndipo mtima wanga wayamba kugunda. Ana anuwo ndi a msinkhu umodzi ndi anga, ndipo holide ya Ogasiti imene mukufuna kukwerayo ndi nyengo yomwe ife tinakwera. Zinatsala pang'ono kuti titsike ndi maliro.

Ife timakhala ku Luchenza, phiri timaliona tsiku lililonse tikamayanika zovala. Ana anali atativuta kale kuti anzawo a ku Blantyre anafika pa Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, pamene iwo, oyandikana nalo, ngakhale pa Dziwe la Nkhalamba, la m'munsi mwa phiri, sanapondepo. Ndiye bambo awo anakumana ndi munthu wina pa Chitakale, wa pakamwa pokoma, foni yodzaza ndi zithunzi ali ndi azungu pamwamba pa miyala. Akuti iye phirilo anabadwiramo. Akuti mukadzera ku ofesi ya za nkhalango mukalipira zambiri, ndipatseni theka pano ndikonze zonse, mapota onyamula katundu, malo ogona, chilichonse. Bambo awo anatumiza tsiku lomwelo.

Tinapangana zokumana 6 koloko m'mawa. Foni yake yozima. Tinakhala pansi pa mitengo mpaka dzuwa linakwera, magulu ena akutidutsa ndi magayidi awo, ana anga atayamba kale kudya mandasi a m'njira. Cha m'ma 11 kunatulukira kamnyamata pa kabaza, kovala masilipasi, kakuti amalume adwala malungo andituma ine. Msinkhu wake sunasiyane kwenikweni ndi mwana wanga wa Fomu 3. Mapota awiri amene kanabwera nawo anayamba ndi kufunsa zawo, akuti sanalandire ngakhale kwacha imodzi. Tinalipira kachiwiri. Ine ndinati tiyeni tibwerere, bambo awo anati ndalama zapita kale, ana nawo nkhope zagwa, mwana wa achimwene anga amene tinamutenga akuti wauza kale kalasi yonse. Basi tinanyamuka.

Tsiku loyamba silinavute kwenikweni. Tinadzera njira ya Chapaluka, imene imatsata mtsinje wa Likhubula n'kudutsa pafupi ndi dziwe lija. Ina ija ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira kwambiri. Gulu loyenda bwino limafika ku nyumba ya Chambe m'maola atatu kapena anayi, ife tinafika kukuchita mdima. Alonda a pamenepo anali asanamve chilichonse za ife, ndiye za malo ogonanso tinalipira kachiwiri. Koma anatilandira bwino, anatisonkhera moto, anatitungira madzi. Dziwani kuti m'nyumba za m'phirimo mulibe chakudya, mulibe magetsi, mumapeza denga, moto ndi madzi. Ufa, ndiwo, shuga, zofunda, zonse ndi za pamsana panu.

M'mawa mwake alonda aja anayang'ana kumwamba nthawi yaitali n'kundiuza kuti, "Mayi, mphepo iyi sindikuikonda, lero mukanaswera pompano." Kamnyamata kaja kanaseka, kakuti ku Chisepo ndi maola atatu okha, tikadya nkhomaliro komweko. Chisepo ndiyo nyumba imene anthu amagona akafuna kukwera Sapitwa m'mawa mwake.

Tinanyamuka dzuwa likuwala, ana atavula majuzi n'kuponya m'zikwama zimene mapota ananyamula. Apa mvetsani bwino, chifukwa palibe amene amakuuzani zimenezi. Mapota amayenda mwa okha, ndi anthu amphamvu, amathamanga ndi katundu kuti akafike msanga akapume. Pasanathe ola anali atasowa kutsogolo, ndipo majekete onse, mabulangete, chakudya, zonse zinapita nawo. Gayidi weniweni amawauza pomwe adikire. Kathu kaja sikanawauze kanthu.

Chiperoni chinabwera titadutsa kamzere kena kopyapyala kamene mbali zonse ziwiri n'kotsetsereka. Inu a ku Thyolo ndi Mulanje mukuchidziwa chiperoni, mphepo yozizira yochokera ku Mozambique ndi mvula yamawawa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Koma chimene mumachidziwa muli pakhonde ndi kapu ya tiyi si chimene chili pamtunda wopitirira mamita 2000. Nkhungu inatseka kamodzi n'kamodzi. Munthu ali pamtunda wa masitepe khumi osamuona. Anyamata anga awiri aja anali atatsogola, mahedifoni m'makutu, ndiye bambo awo akukuwa mayina, phiri likungobweza mawu, iwo osamva. Bambo awo anathamangira kutsogolo kukawafuna. Ndinatsala ine, mtsikana wanga wa Fomu 1, ndi kamnyamata ka masilipasi.

Mwana wanga anali atavala jinzi ndi kabulauzi ka thonje. Jinzi ikanyowa siuma, imamata pathupi n'kumakoka kutentha konse, mphepo n'kumamaliza. Poyamba ankanjenjemera mano akugundana, akudandaula, akundikalipira kuti n'chifukwa chiyani tinabwera kuno. Pamenepo ndinkaona ngati ndi mwano wa ana a msinkhu umenewu. Kenako anasiya kudandaula. Anayamba kupunthwa pa malo osalala, kugwa, kudzuka, kugwanso. Ndinamufunsa ngati akumva njala, anandiyankha za yunifolomu yake, kuti sanachape. Mawu akutuluka olemera. Milomo yachita bii ngati wadya jambula. Kenako anakhala pansi pa thanthwe lonyowa n'kunena kuti, "Amayi, ndigone pang'ono, inu pitani." Kunjenjemera kuja kunali kutachepa, ndipo ine ndinkaganiza kuti akupezako bwino. Pambuyo pake ndi pamene ndinauzidwa kuti munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera n'kuyamba kusokonekera ndi kufuna tulo, ndiye kuti thupi lagonja, ndipo akagona pamenepo ena sadzukanso.

Ndinatembenukira kwa kamnyamata kaja, ndinati kwatsala mtunda wautali bwanji. Kanayang'ana pansi. Ndinafunsanso mokweza. Kanayamba kulira, asisi, kulira kwenikweni, kakuti, "Mayi, ine kuno sindinafikeko, ndimathera pa Chambe." Nakonso kanali kakunjenjemera, zala za kumapazi zili pamtunda. Mwana wa eni ake. Ndiye ndinapezeka ndili ndi ana awiri ozizidwa pakati pa nkhungu, ena awiri atasowa, bambo awo sindikuwamvanso, foni ilibe netiweki ndipo batire yatsala pang'ono chifukwa ana anathera pojambula usiku wa dzulo lake.

Chomwe ndinali nacho ndi chitenje cha m'chiuno ndi kachikwama ka m'manja. Ndinamukokera mwana kuseri kwa mwala kumene mphepo sinkawomba kwambiri, ndinamuvula bulauzi yonyowayo, ndinamulowetsa mkati mwa juzi yanga khungu kwa khungu, n'kudzikulunga tonse ndi chitenje. Kamnyamata kaja ndinakauza kakhale kumsana kwake. M'kachikwama munali shuga wotsala wa tiyi wa m'mawa mu kajumbo, ndinkamunyambititsa ndi chala. Ndinkamutsina kuti asagone, ndinkamufunsa mayina a aphunzitsi ake mmodzimmodzi, ndinayimba nyimbo za kwaya zonse zimene ndimadziwa. Mapemphero amene ndinapemphera pamenepo sanali a mawu okonzeka ayi.

Chinatipulumutsa ndi wezulo. Ndinaimva patali, kenako mawu a munthu wamkulu. Anali gayidi weniweni amene ankachokera ku Chisepo ndi alendo ake. Anakumana ndi anyamata anga atapatukira kanjira kena ka anthu otema mitengo, akutsetsereka kulowera kumene sakudziwa, ali phee ngati zonse zili bwino. Anawabweza, anapeza bambo awo, kenako anabwerera m'njira kutifuna ife. Anangomuyang'ana mwana wanga kamodzi, sanafunse zambiri. Anatulutsa jekete youma m'chikwama chake, chipewa, tiyi wotentha wa mu fulasiki, anamumwetsa pang'onopang'ono, kenako anamubereka kumsana mpaka ku Chisepo, alendo ake akutsatira osadandaula. Titafika, ine ndinkafuna kumukhazika pamoto penipeni, iye ndi alonda anandiletsa, akuti munthu wotere amafundidwa pang'onopang'ono, zovala zouma, bulangete, tiyi wa shuga, osamupaka kapena kumutikita manja ndi miyendo. Mapota athu tinawapeza akuwotha moto, akudabwa kuti tachedwa kuti.

Munthu wa pa Chitakale uja ndinadzakumana naye patapita nthawi, ali bwinobwino, malungo kulibe, akuonetsa banja lina zithunzi zomwe zija. Ndinamuyandikira. Mukudziwa chimene ananena? "Koma mayi munabwerako bwino, eti?" Bwino! Munthu kudya ndalama za mapota, kudya za malo ogona, kutuma mwana wa mlongo wake wopanda nsapato kuti atsogolere banja kumalo kumene mwanayo sanafikeko, kenako n'kumandifunsa ngati ndinabwerako bwino. Ndinalankhula mawu amene sindingalembe pano, banja lija linanyamuka. Anthu otere ndi amene amaipitsa mbiri ya anyamata a ku Likhubula amene amagwira ntchito imeneyi moona mtima, amene amadikira mzere wawo masiku ambiri kuti apeze mlendo mmodzi. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti akanakhala azungu sakanayerekeza kuwatumizira kamwana. Ife eni dziko amationa ngati tingopirira.

Phiri ili si loseweretsa. Sapitwa ndi mamita 3002, palibe nsonga ina yoposa pamenepo m'Malawi muno. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anapita yekha cha kumeneko, mpaka lero sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gayidi wake n'kupitirira yekha, anapezeka atamwalira patadutsa masabata. Akuluakulu amati ndi mizimu, ndipo ine za makolo sindinyoza, a UNESCO omwe mu 2025 analemba phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro zomwezo. Koma chimene ndinachiona ndi maso anga ndi kuzizira ndi nkhungu. Onjezerani kuti namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula malo ambiri m'phirimo, njira zina zinasintha, ndiye ngakhale amalume anu amene anakwera kalekale asakuuzeni kuti akutsogolerani.

Komabe pitani, musawamane ana. Ogasiti ndi mwezi wabwino, miyala siterera ngati nthawi ya dzinja, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Ife titagona pa Chisepo paja, m'mawa mwake kunacha kowala, gayidi uja anatipezera mnzake amene anali pa Chisepo pomwepo, anyamata ndi bambo awo anakwera Sapitwa. Ndi ulendo wa tsiku lonse kupita ndi kubwera, wokwawa ndi manja pa matanthwe ndi kulowa pansi pa miyala, koma mpaka lero mwana wanga wamwamuna akamalankhula za moyo wake amayambira pamenepo. Mtsikana uja nayenso akuti akufuna kubwererako, ndamuuza kuti adikire ndiiwale kaye.

Gayidi ndi mapota tengerani pa ofesi ya za nkhalango pa Likhubula, lembetsani mayina, mitengo mufunse pomwepo ndipo mulipire munthu amene akukwera nanu.  Aliyense anyamule kachikwama kake kamene muli jekete ya mvula, juzi, chipewa, tochi ndi chodya, zisapite ndi mapota zimenezo. Jinzi isakwere. Zodula musagule, pa kaunjika pali majekete abwino ndi nsapato zokhala ndi mano pansi, bola azivale kaye masabata angapo zisanakwere phiri, apo ayi matuza. Chakudya tengani chochuluka kuposa chimene mukuganiza, ana a msinkhu umenewu m'phiri amadya kawiri, ndipo sanena kuti atopa kapena azizidwa chifukwa cha manyazi pamaso pa anzawo, mumangoona akhala chete. Mtedza wokazinga, mbatata yophika, buledi, soya, usipa, shuga wambiri. Mapota nawonso muwaganizire pa ufa.

Mahedifoni atsale ku nyumba. Koma musawamangirire pa chitenje chanu, asiyeni atsogoleko pang'ono, ndi chimene abwerera, mwana wa zaka 16 sangasangalale akuyenda pa liwiro la amayi ake. Mukaona kuti wina mwa iwo sali wokonzeka, Sapitwa isiyeni, gonani ku nyumba ya Chambe kapena ya Lichenya n'kutsika, kapena khalani m'munsi muziyenda maulendo a tsiku limodzi, tsiku lina mupite nawo m'minda ya tiyi ku Satemwa ku Thyolo. Atsikana anyamule zawo za kumwezi ngakhale masiku asanakwane, kumtunda kulibe golosale. Ndipo potsika ndi pamene mawondo amalira, dulani ndodo.

Pa Dziwe la Nkhalamba madzi ake ndi ozizira koopsa ndipo ndi akuya, anthu amirapo pamenepo, ndiye amene sadziwa kusambira angoviika mapazi m'mbali. Anga anadumphiramo onse potsika, mtsikana yemwe uja ndiye anayamba, ine ndinalibe mphamvu zowaletsa.