Mphere si matenda a uve, amayi

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wabwera ku holide kuchokera kusukulu yogonera komweko akudzikanda usiku wonse. Timatuza tili pakati pa zala, m'khwapa ndi m'chiuno. Anamugulira kirimu pamsika, zinazilala pang'ono, kenako zabwereranso, ndipo mng'ono wake nayenso wayamba. Pomaliza analemba kuti, "Chonde musatione ngati auve, timasamba tsiku lililonse."

Mawu omalizawo andikhudza kwambiri. Amayi, zomwe mwafotokozazi zikuoneka kuti ndi mphere, ndipo mphere imagwira osamba ndi osasamba omwe.

Ine ndinaidwala ndili kupulayimale. Lolemba m'mawa aphunzitsi ena ankatiimika pamzere, manja titatambasula, iwo n'kumatiyang'ana pakati pa zala. Wopezeka nayo ankamukhazika pambali, anzake akuseka. Kunyumba azakhali ananditengera kumtsinje n'kundikhula ndi chitsononkho mpaka magazi kutuluka, amvekere litsiro lichoke. Sankandida ayi, iwonso anaphunzitsidwa choncho. Koma timatuza tija tinasanduka zilonda zamafinya, malaya ankamatirira pakhungu, povula ndinkalira. Mpaka lero ndikamva munthu wamkulu akunyoza mwana kuti ndi wauve chifukwa cha mphere, mtima umandiwawa. Manyazi amenewa ndi amene amachititsa ana kubisa manja m'matumba mpaka hositelo yonse itatengera.

Chimayambitsa mphere ndi kachilombo kakang'ono zedi kotchedwa Sarcoptes scabiei. Kakakazi kamaboola khungu n'kuikira mazira mkati, komwe sopo safika. Kamafala anthu akamakhudzana nthawi yaitali, kugona mphasa imodzi, kufunda bulangeti limodzi. N'chifukwa chake mphere imavuta m'masukulu ogonera, m'ndende ndi m'misasa ya anthu othawa madzi osefukira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 200 miliyoni padziko lonse amakhala ali nayo nthawi ina iliyonse, ndipo mu 2017 linaiika pagulu la matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha. Kodi onsewo sasamba?

Za kirimu wa pamsika uja ndinene mosapsatira: muleke. Ambiri mwa makirimu ogulitsidwa pabenchi limodzi ndi mafuta oyeretsa khungu amakhala ndi betamethasone kapena clobetasol. Amenewa amangoziziritsa kuyabwa, kachilombo kali moyo, kakuswana. Pa chipere amachitanso zomwezo, chimakula koma maonekedwe ake n'kusokonekera, moti ngakhale adokotala amavutika kuchizindikira. Ndipo poti ndatchula chipere, cha m'mutu sichimva zopaka. Chimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa milungu 6 mpaka 8. Ndaonapo ana atawapaka mafuta a galimoto m'mutu, khungu n'kupserera. Kumeneko n'kuzunza mwana. Ogulitsa makirimu osalongosola zomwe zili mkatiwa ndimawaona kuti ndi olakwa kuposa makolo, chifukwa kholo limangofuna mwana agone.

Tsono mutani?

Pitani naye kuchipatala akamuone, poti ziwengo zina zimafanana ndi mphere. Ikatsimikizika, amapereka benzyl benzoate kapena permethrin 5%, zopaka kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, osati pamatuza pokha, osaiwala pakati pa zala ndi pansi pa zikhadabo. Permethrin amakhala pathupi maola 8 mpaka 14, n'kubwereza pakatha sabata. Benzyl benzoate amawawa pakhungu, ana aang'ono amafunika wosungunula, ndiye mufunse muyezo wake. Mapiritsi a ivermectin, omwenso amachiza mphere, sapatsidwa kwa amayi oyembekezera kapena mwana wosafika makilogalamu 15.

Onse a m'nyumba apake mankhwalawo tsiku limodzi, ngakhale amene sakukanda, chifukwa wogwidwa koyamba amatha milungu 4 mpaka 6 asanayambe kumva kuyabwa. Zovala ndi zofunda muchape ndi madzi otentha, zosachapika muzimange m'jumbo kwa sabata. Kuyabwa kumatha kupitirira milungu 2 mpaka 4 tizilombo titafa kale, musachite mantha.

Koma zilonda zikachita mafinya, kapena mwana akatupa nkhope, mkodzo n'kuda, musadikire kuti kuche. Mabakiteriya olowera m'zilonda za mphere amatha kuwononga impso. Muwauzenso akusukulu asanatsegulire, chifukwa anzake a m'chipinda akapanda kulandira mankhwala, teremu ikubwerayi abwera nayonso.